Funsani Anti a Wezulo: Mtsikana angayimbire rugby anyamata n'kumumvera?

Moni nonse a mu Lilongwe muno ndi kwina konse komwe magazini ino imafika. Chilembereni zija zoti atsikana ayambe kuphunzira kuyimbira rugby foni yanga sinapume, mauthenga akungogwa ngati mvula ya mu Januwale, ena a atsikana eni ake, ena a makolo, wina wa aphunzitsi omwe akwiya ndithu. Onse sindingathe ndiye ndasankhapo ochepa, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Anti, ndine mtsikana wa zaka 19, ndinalemba MSCE chaka chatha. Ndinayamba tag rugby, yosagwetsana ija, ndili sitandade 7 kenako yogwetsanayi ndili fomu 2 koma bondo linandivuta ndiye ndinasiya. Akochi athu akuti ndiphunzire u refa poti malamulo ndimawadziwa kuposa anyamata ambiri. Vuto ndi loti ndine wamfupi, wochepa thupi, mawu anganso ndi aang'ono moti olo mu minibasi ndikati nditsika kondakitala sandimva mpaka wina andinenere. Ndiye zimphona za pa scrum zija, paja amakankhana atawerama kulimbirana mpira, zingandimvere ine? Ndiyambire pati? Wamanyazi, Area 25

Mng'ono wanga, pepa ndi bondolo koma usaone ngati rugby yakutaya. Hollie Davidson wa ku Scotland naye ankasewera, phewa linamuvulala atatsala pang'ono kusewerera timu yaikulu ya dziko lake, anatenga wezulo, ndipo ndi yemweyo anayimbira fainolo ya World Cup ya amayi mu 2022 ku Auckland, n'kudzayimbiranso ya 2025 ku Twickenham pomwe England inachinya Canada 33-13 anthu oposa 81,000 akuonera.

Za msinkhuzo usataye nazo tulo. Refa sakankha scrum, sagwetsa munthu. Zimphonazo zimamvera lamulo lomwe waima nalo, ndipo apa ndi pomwe rugby imasiyana ndi mpira wamiyendo womwe timaonera pa Civo kapena pa Silver, komwe refa akangoloza penate anthu 6 amuzungulira mpaka kumuloza chala pamphuno. Buku la malamulo a rugby limanena poyera kuti gemu ili mkati refa yekha ndiye amagamula chomwe chachitika komanso chomwe lamulo likunena, ndipo mwambo wake ndi woti wobwera kudzafunsa ndi kaputeni basi. Wina akayamba kulongolola utapereka penate umangoyenda mamita 10 kuisunthira penate ija kufupi ndi kwawo. Ukachita kamodzi kokha uona anzake omwe akumutseka pakamwa iwe osatulutsa liwu.

Komanso refa wabwino sakuwa. Zimayenda motere, wezulo kaye, kenako mkono, mawu pomaliza. Wezulo ili ndi kayimbidwe kake, mpira ukangopulumuka m'manja kugwera kutsogolo umayimba mwachidule, koma wina akagwira mnzake pakhosi umayimba mwamphamvu moti ndi wogulitsa mandasi kunja kwa galaundi adziwe kuti apa palakwika. Mkono m'mwamba mopendekera ku timu yolakwiridwa ndi penate, mkono wopinda pa chigongono ndi free kick, mkono wotambasula chopingasa ndi scrum. Mawu ake ndi ochepetsetsa, mtundu wa jezi, nambala, chochita. "Ofiira 7, musiye!" "Abuluu bwererani!" Pa scrum pomwe ukupaopapo ndi mawu atatu okha, crouch, bind, set. Amenewo ungakanike?

Chomwe chidzakuvute kwenikweni ndi maso, ndipo izi sungazipeze m'buku lililonse lochokera kunja. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula uziyang'ana pansi, popereka madzi ugwade, ukafunsidwa uyankhe motsitsa. Sindikunyoza zimenezo ayi, ine mpaka lero ndimagwada kwa apongozi anga ndipo sindidzasiya. Koma pa galaundi ukaitana kaputeni woti amakuposa zaka, iwe n'kumayankhula ukuyang'ana nsapato zako, wamuuza kale kuti chomwe wagamulacho nawenso sukuchikhulupirira, ndiye iyeyo achikhulupirire bwanji. Ima mowongoka, muyang'ane kumaso, unene kuti "Akaputeni, aka ndi kachitatu anyamata anu akugwira pamwamba, wotsatira akupita panja, kawauzeni." Ulemu uli pomwepo, wati akaputeni, sunatukwane, koma sunapemphenso. Atsikana ambiri omwe ndawaona akuyamba malamulo amawagwira msanga, chomwe chimawatengera miyezi ndi kukweza nkhope kumeneku. Uziyeserera kunyumba ndi mchemwali wako kapena pa galasi, mbewa ya manyazi inafera ku una.

Poyambira pake, gula bandulo ulowe pa World Rugby Passport pa intaneti, tsamba la maphunziro la World Rugby, bungwe loyendetsa rugby pa dziko lonse, kulembetsa ndi kwaulere. Muli malamulo onse 21 ndi mayeso ake, muli Rugby Ready yophunzitsa kusewera motetezeka, muli kosi ya kuvulala kwa m'mutu komanso ya oyamba kuyimbira, ukamaliza iliyonse umapeza satifiketi yoti usunge mu foni. Zili m'Chingerezi ndiye ngati pena pakuvuta werengani awiri kapena atatu, muzimasulirana. Ukatero akochi akowo akulumikize ndi omwe amayendetsa rugby kuno kuti ikamachitika kosi ya Level 1 ya maso ndi maso dzina lako likhalepo. Funsanso kwa a Bhubesi Pride omwe akhala akuphunzitsa ana rugby kuno ku Lilongwe, komwe kuli magemu a ana sikulephera kusowa woyimbira. Usayambe ndi akuluakulu. Nyamula mbendera m'mbali magemu angapo uziona momwe wapakatiyo akuyendera, kenako tag ya ana a pulayimale, kenako sevens, ya osewera 7 mbali iliyonse ija, ya achichepere. Bondolo kaliwonetse kuchipatala usanayambe kuthamanga, likalola yesa chomwe amati Bronco, umathamanga mamita 20 n'kubwerera, 40 n'kubwerera, 60 n'kubwerera, kasanu osapuma, zonse pamodzi mamita 1,200. Lemba nthawi yako, mwezi wamawa udzaione ngati yatsika.

Mayi, ine ndine bambo wa ana anayi, ndimalondera ku Kanengo. Mwana wanga wamkazi wa fomu 3 wabwera ndi wezulo kunyumba akuti akuphunzira kuyimbira rugby. Masewerawa ndinawaonapo pa TV ya kuntchito, ndi ndewu yeniyeni. Ndikuopa andivulazira mwana, ndikuopa sukulu ilowa pansi, komanso kunena zoona mtsikana wozolowera kulamula amuna adzakhala bwanji pabanja? Mayi ake akuti ndimusiye koma mtima wanga sukukhazikika. Bambo wodandaula, Mgona

Bambo, zikomo kwambiri kuti mwalemba m'malo mongomulanda wezuloyo, ambiri sakanafunsa n'komwe.

Za kuvulala, woyimbira sagwetsedwa ndipo kumukhudza dala ndi mlandu waukulu kwambiri mu rugby. Kugundidwa mwangozi kumatheka, sindingakunamizeni, n'chifukwa chake chimodzi mwa zoyamba kuphunzira ndi poima. Ndipo chomwe munaona ngati ndewu chija, amene amachititsa kuti isakhale ndewu yeniyeni ndi munthu wa wezuloyo, ndiye amaletsa kugwira pakhosi, kunyamula munthu n'kumugwetsa chamutu, kugunda wopanda mpira.

Za sukulu ndili mbali yanu kwathunthu. Muuzeni poyera kuti wezulo ndi ya Loweruka, magiredi akatsika wezulo ikupuma, ndipo teremu yolemba MSCE aiyike mu sutikesi. Mphunzitsi wa u refa aliyense wanzeru agwirizana nanu, wokana ameneyo mumukayikire.

Koma ili lomalizali ndiloleni ndikutsutseni mwaulemu. Mwano ndi kulimba mtima ndi zinthu ziwiri. Wamwano amayankha asanamve, amakweza mawu, akalakwa savomera. Refa amaphunzitsidwa zosiyana ndi zonsezi, kumvetsera kaputeni mpaka amalize, kusabwezera olo akutukwanidwa, kufika pamalo ola lathunthu gemu isanayambe, kuyendera galaundi kuchotsa miyala ndi mabotolo osweka, kulemba lipoti la zomwe zachitika mosakondera. Tayang'anani komwe mumakhalako, mayi amene amasunga buku la banki m'khonde n'kulipiritsa faindi mnzake wapamtima chifukwa wachedwa kubweza, mayi amene amatsogolera Chigwirizano ku mpingo, amene amasunga ndalama za pa kiyosiki ya madzi anthu osadandaula, kodi amenewo mabanja awo anatha? Si omwewo timathamangira kukagwa maliro kuti atiyendetsere zinthu? Mwana wanuyo akuphunzira ntchito yomweyo, kungoti akuyiphunzira ali wamng'ono. Mwana wa Chimalawi mnzathu Bernadettar Kwimbira ananyamula mbendera pa World Cup ya mpira wamiyendo ya amayi mu 2015 ku Canada ndi 2019 ku France, dziko lonse tinanyadira. Pafupi pompa ku Zimbabwe kuli Precious Pazani yemwe anali m'gulu la oyimbira pa World Cup ya rugby ya 2025. Onsewa anali ana a anthu, ndipo pena pake panali kholo lomwe linalola.

Loweruka lina mukaweruka m'mawa musafulumire kukagona, mupite naye mukaime kumbali muone nokha, kenako mudzandilemberenso.

Anti ndalira usiku wonse. Ndinayimbira fainolo ya sevens ya masukulu, inali gemu yanga yachisanu tsiku limenelo, ndinapereka try, chigoli cha mu rugby, yomwe inapambanitsa timu ina. Madzulo wina anaponya vidiyo pa gulupu ya WhatsApp ikuoneka ngati pasi yomaliza inapita kutsogolo. Pa galaundi azibambo ena ankakuwa kuti pita ukaphike nsima, wina anati wezuloyo anakupatsa ndi chibwenzi chako. Pa gulupu ndiye ayi ndithu andimaliza. Ndikufuna ndingosiya, mwina zoona si za atsikana. Wosweka mtima, Kawale

Iwe mwana wanga, bwera kuno. Ndawerenga uthenga wako katatu ndipo wandipweteka, chifukwa mawu amenewo a nsima ndinawamvapo ndi makutu anga, liwu ndi liwu.

Pali zinthu ziwiri zomwe wazimanga mtolo umodzi, timasule. China ndi pasi, china ndi chipongwe.

Tiyambe ndi pasi. Vidiyo ya pa foni yojambulidwa chakumbali imanamiza kwambiri, chifukwa munthu akamathamanga n'kuponya mpira chammbuyo mpirawo umatengabe liwiro lake n'kuoneka ngati wapita kutsogolo ukayerekeza ndi pansi, pomwe lamulo limayang'ana komwe manja aponyera. Ndiye n'kutheka sunalakwe n'komwe. Ukhale pansi ndi amene amakuphunzitsa, muionere limodzi modekha, osati ndi a pa gulupu. Mukapeza kuti inapitadi kutsogolo, chabwino, unalakwitsa, uvomere. Funso lothandiza ndi loti unali pati pomwe pasiyo imaponyedwa. Ndikukhulupirira unali kumbuyo mamita angapo, poti sevens ndi ya liwiro, mphindi 7 mbali iliyonse koma zothamanga ngati wakuba akuthawa mu msika wa Tsoka, ndipo iwe inali gemu yachisanu. Pasi yopita kutsogolo imaoneka bwino ukakhala mzere umodzi ndi mpira. Ndiye mankhwala ake ndi kuwonjezera mpweya, kudya ndi kumwa madzi pakati pa magemu, komanso kuwauza okonza mpikisano kuti munthu mmodzi sangayimbire tsiku lonse kenako fainolo popanda omuthandiza m'mbali. Kunena zimenezo si kudandaula, ndi mbali ya ntchito yako. Ku World Cup komwe kuli marefa odziwa kuposa tonsefe amaikanso wina pa makanema, TMO, chifukwa amadziwa kuti maso awiri saona zonse. Joy Neville wa ku Ireland, yemwe anayimbira fainolo ya amayi mu 2017, ndi ntchito imeneyo anakagwira pa World Cup ya abambo mu 2023. Iwe unalibe TMO, unali wekha ndi dzuwa la Lilongwe.

Ndikuuze yanga. Ndikuyamba kumene ndinayimbira gemu ya anyamata a sekondale, wa timu yoteteza anagwetsera mpira kutsogolo, ine pompo wezulo pyoo, osaona kuti kamnyamata ka timu inayo katola kale mpira uja ndipo kutsogolo kwake kulibe munthu. Try yoonekeratu ndinaipha ndine, ndipo timu imeneyo inaluza ndi mapointi 3. Kamnyamata kaja kanangoima ndi mpira m'manja kundiyang'ana, nkhope imeneyo sindinaiiwale mpaka pano. Ndinaitana kaputeni wawo ndinati ndathamangira wezulo, pepani, tipanga scrum. Mtima unkandiuza kuti ndiwabwezere, ndiwapezere kapenate penapake kuti zifanane, ndipo chimenecho ndiye chiyeso chachikulu pa ntchito imeneyi, ukangobweza ngongole yotero walakwira timu inayo ndipo tsopano zolakwa zakwana ziwiri, china mwangozi china mwadala. Sindinabweze. Ndinapita kunyumba ndi mutu waukulu koma m'mawa mwake ndinatsegula buku pa lamulo la advantage ndipo ndi tsiku limenelo ndinayamba kukhala refa.

Advantage ndi lamulo lomwe ndimalikonda kuposa onse. Waona kulakwa, wezulo ili m'manja, thupi lonse likuti imba, koma umatambasula mkono kuloza olakwiridwa, umanena kuti advantage, n'kudikira uone ngati apindule okha. Akapindula masewera apitirira, akapanda kupindula umabwerera pomwe panalakwika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine zimenezi zandithandiza ku ntchito, mu komiti ya ku tchalitchi, ngakhale polera ana, kudziwa kuti si cholakwa chilichonse chofuna kuimitsa zonse pompo, komanso kudziwa cholakwa chomwe sichidikira olo sekondi imodzi, monga pamene wina ali pangozi. Anthu amalipira ndalama zambiri ku maworkshop a utsogoleri m'mahotela a ku City Centre kukamva zimenezi pa projekita, iwe ukuziphunzira ndi thukuta, anthu akukuwa, uli ndi sekondi imodzi yoganiza.

Tsopano chipongwe chija. Azibambo amenewo anakuwa za nsima vidiyo isanatuluke, eti? Ndiye sankanena za pasi. Ukanagamula mbali inayo akanakuwa ena mawu omwewo. Refa wamwamuna akalakwitsa amati refa walakwitsa, iwe ukalakwitsa akuti akazi satha, ndipo katundu ameneyo si wako, usamusenze. Koma usangomezanso. Lemba lipoti kwa okonza mpikisano, tsiku, nthawi, mawu omwe ananenedwa, mbali yomwe anaima, ndi masikirinishoti a pa gulupu. Tsiku lina zikadzafika poipa uli ndi mphamvu yoimitsa gemu, kuitana makaputeni ndi okonza, n'kunena kuti sitipitiriza mpaka munthu uyo asunthidwe. Ndipo inu akochi ndi aphunzitsi omwe munali pa gulupu imeneyo n'kungokhala chete, chete wanuyo anamupweteka mwanayu kuposa okuwawo. Mawa mudzadandaula kuti marefa akusowa.

Gulupu imeneyo iyike pa mute sabata imodzi. Loweruka likubwerali pempha kagemu ka tag ka ana aang'ono, kopanda chikho, ukayimbire. Usalole kuti gemu ya dzana ija ikhale yomaliza kuikumbukira. Ugulenso kakope ka K500 kapena kaposa apo, gemu iliyonse uzilemba ziwiri zomwe zayenda ndi chimodzi chokonza, chimodzi chokha.

Anti mungonena zoona, muli dola mu zimenezi? Ine ndikufuna chondithandiza. Mtsikana wa ku Chinsapo

Zoona zake, rugby kuno ndi yaing'ono, ukalowera ndalama ukhumudwa mwezi woyamba. Pena upatsidwa ya thiransipoti ndi chakudya, pena ubwerera wapansi. Funsiratu usananyamuke kuti ya minibasi alipira ndani, palibe chamanyazi pamenepo. Chomwe ungatulukemo nacho ndi masatifiketi, anthu okudziwa omwe angakulembere kalata yokuchitira umboni, ndi kuyankhula kosanjenjemera pa intavyu. Geni yako kapena kosi yako usasiye.

Anti musatchule dera langa. Ndili ndi zaka 17. Bambo wina amene amatithandiza pa tireningi ya u refa amandiimbira usiku, akuti ndili ndi luso ndipo atha kundiika pa ulendo wa kunja koma tikakambirane awiri ku lodge. Ndikakana ndiye kuti mwayi wanga watha? Sindinauze aliyense.

Usapite. Olo masana, olo anene kuti pakhala anthu ena, usapite. Umenewo si mwayi, ndi msampha, ndipo iwe sunalakwe kalikonse, wolakwa ndi iyeyo. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye zomwe akuchitazo ndi nkhani ya kupolisi. Usafufute mauthenga ake kapena ma call log, jambula usunge kwina. Lero lomwe uza munthu wamkulu yemwe umamukhulupirira, mayi ako, azakhali, aphunzitsi aakazi. Imba 116, ndi yaulere, kapena pita ku Victim Support Unit pa polisi yomwe ili pafupi nawe, upite ndi wamkuluyo. Maulendo enieni amadutsa ku bungwe, ndi kalata, makolo akudziwa, sakambidwa ku lodge. Ndipo n'kutheka si iwe wekha amene akumuimbira, ukayankhula upulumutsa anzako. Kwa onse oyendetsa makosi amenewa, pa tireningi ya atsikana pazikhala mayi wamkulu nthawi zonse, ndipo mauthenga azipita pa gulupu kapena kwa makolo. Undilemberenso mwana wanga, ndikufuna ndimve kuti wauza munthu.

Mayi, ndine mphunzitsi wa zamasewera pa sekondale ina. Pa semi fainolo mnyamata wanga wodalirika anagundana mutu ndi mnzake, anagwa, anadzuka akuyenda mozandima pang'ono koma sanakomoke, tinamuthira madzi ndipo iye mwini anati ali bho. Refa, kamtsikana koti ndikhoza kukaphunzitsa m'kalasi, kanamutulutsa n'kukana kuti abwererenso. Ndinakauza kuti mwanayu ndimamudziwa ndine, kanangoti pepani aphunzitsi salowa. Tinaluza. Kodi ali ndi mphamvu zimenezo? Si udokotala umenewo? Mphunzitsi, Likuni

Aphunzitsi, ndikumva kuwawa kwanu, mwakonzekera teremu yonse ndiye kuluza chotero kumapweteka. Koma yankho ndi loti eya, ali nazo mphamvuzo, ndipo anachita bwino. Malamulo a rugby amati refa akaona kuti si bwino wosewera apitirize, kaya pali dokotala kaya palibe, amamulamula atuluke. Pa nkhani ya mutu World Rugby imati ukangokayikira, mutulutse, ndipo sabwereranso tsiku limenelo. Zija mumaona pa TV zoti wosewera akutuluka kukayezedwa kenako n'kubwerera ndi za magemu apamwamba okha komwe kuli madokotala ophunzira zimenezo ndi makanema, ku masukulu kulibe.

Kukomoka si chizindikiro chokhacho, ambiri ovulala ubongo sakomoka n'komwe. Kuzandima komwe mwanena nokhako n'kokwanira. Ena amaoneka obalalika, amafunsa funso limodzi kawirikawiri, sadziwa kuti zigoli zili bwanji kapena akusewera ndi ndani, amamva chizungulire, mutu, nseru. Madzi ozizira amatsitsimula nkhope koma safika mu ubongo. Ndipo mwana wa zaka 16 pa semi fainolo, anzake akumuyang'ana, aphunzitsi ake akumudalira, adzanena kuti ali bho olo akuona anthu awiriawiri. Choopsa ndi kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire, kwa ana zimenezi zimatha kutupitsa ubongo mpaka kutaya moyo.

Tsopano taganizani zomwe mtsikanayo anakumana nazo pa mphindi imeneyo. Kutsogolo kwake kuli aphunzitsi, munthu woti moyo wake wonse waphunzitsidwa kuti akanena samatsutsidwa, kumbali masapota akukuwa, mnyamata mwini wake akuti ndilowe. Chophweka chinali kungoti chabwino alowe, palibe akanamudzudzula tsiku limenelo. Iye anati pepani aphunzitsi salowa. Sanakuchiteni mwano, anati pepani, anati aphunzitsi, koma sanasunthe. Ine amene anamuphunzitsa mtsikana ameneyo ndikufuna ndimugwire chanza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iye anamuona mnyamata wanuyo ngati mlongo wake pomwe ena tonse tikanaona chikho. Ndipo ndikupempheni, mawu oti kamtsikana aja muwasiye, anyamata anu amamva momwe mumatchulira refa ndipo adzatengera. Mukadzakumana naye mudzamuuze kuti munafunsa ndipo mwamva, zidzamulimbitsa kuposa satifiketi iliyonse. Kosi ya za kuvulala m'mutu ija pa World Rugby Passport ndi ya makochi ndi aphunzitsi omwe, siitenga nthawi, ichiteni sabata ino.

Chomwe simunandiuze m'kalata yanu ndi momwe mnyamatayo alili pano. Makolo ake anauzidwa kuti anagunda mutu? Ngati ayi auzeni lero. Apume, achepetse foni ndi TV masiku oyambawa, aonedwe ndi achipatala, abwerere pang'onopang'ono kuyambira kuyenda ndi kuthamanga mopepuka, ndipo gemu asasewere masiku 21 asanakwane olo akuoneka bwino chotani. Koma ngati mutu ukunkira kupweteka, akusanza, akungogona, khosi likuwawa, dzanja kapena mwendo ukuchita dzanzi, kapena akuyankhula zosamveka, musadikire kuti kuche, mutengereni ku Kamuzu Central kapena chipatala chomwe chili pafupi usiku womwewo.